Kupita ndi ana ku Zanzibar: m'mene mungayalire masiku anu pachilumbapo

Inu amene mukuganiza zotenga ana kukapuma nawo ku Zanzibar, ndili ndi pempho musanalipire chilichonse. Yalani masiku anu poyang'ana zinthu zitatu: mwana wamng'ono kwambiri m'banjamo, dzuwa, ndi kayendedwe ka madzi a m'nyanja. Pachilumba cha Unguja, chomwe ambirife timangochitcha Zanzibar, zokaona zilipo zambiri, ndipo ogulitsa maulendo adzakuuzani kuti zonse zimatheka m'masiku atatu. Kutheka zimathekadi, koma mwana wa zaka zinayi amafika tsiku lachiwiri atatheratu, akulirira chilichonse, mayi ake nawo mutu ukuwawa. Malangizo awa ndi a banja lomwe lili ndi sabata imodzi kapena kuchepera pang'ono, ndipo akhazikika pa lamulo limodzi: ulendo umodzi patsiku, wam'mawa, masana onse n'kupuma pamthunzi.

Choyamba, sankhani mwezi

Mvula yaikulu ku Zanzibar imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Mitengo ya malo ogona imatsika nthawi imeneyi, koma ana amangobindikira m'chipinda ndipo maboti ang'onoang'ono sayenda masiku ena. Kumagwanso mvula yochepa cha mu Novembala ndi Disembala. Nyengo yokomera ana ndi ya Juni mpaka Okutobala, pamene kunja kumakhala kouma ndipo kutentha kumachepa, ndiye tchuthi chachitali cha sukulu cha mu Ogasiti chimagwera pabwino. Januwale ndi Febuluwale kumauma, koma kumatentha koopsa. Onaninso tsiku limene Ramadan ikuyamba chaka chimenecho, chifukwa anthu ambiri pachilumbapo ndi Asilamu ndipo malo ambiri odyera m'tauni amatseka masana mwezi wonsewo.

Chachiwiri, mapepala ndi njira

Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ngakhale wakhanda. Tengani kalata zawo zakubadwa, ndipo ngati kholo likupita ndi limodzi, linalo lilembe kalata yovomereza. Zanzibar ndi mbali ya dziko la Tanzania kuyambira mu 1964, koma ili ndi boma lakelake, choncho pasipoti amaionanso padoko ngakhale mwachokera ku Dar es Salaam, m'dziko lomwelo. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma la chilumbachi limafuna kuti mlendo aliyense agule inshulansi yawo ya paulendo. Inayamba pa madola 44 munthu wamkulu mmodzi. Igulenitu pa intaneti ndipo musunge umboni wake m'foni ndi papepala pomwe.

Wochokera ku Malawi pa basi amadutsa Karonga, chipata cha Songwe, Mbeya, mpaka Dar es Salaam, ulendo wopitirira tsiku lathunthu. Mukayenda chotero, gonani usiku umodzi ku Dar ana awongole miyendo. Sitima yothamanga yochoka ku Dar imatenga pafupifupi maola awiri. Kwerani yam'mawa, madzi asanayambe kuwinduka, ndipo tikiti mugule pa ofesi yeniyeni ya kampaniyo, osati kwa anyamata okuthamangirani pachipata. Ana adye chopepuka. Amene amachita nseru m'galimoto mumukhazike chapakati pa sitima, pomwe sipagwedezeka kwambiri.

Zinthu ziwiri za nthawi zimene zimaphonyetsa anthu sitima. Tanzania ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Komanso m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa, kotero woyendetsa galimoto akanena "saa mbili asubuhi" akutanthauza 8 koloko m'mawa. Mukapangana nthawi ndi munthu, muonetseni pa foni kuti mumvane.

Chachitatu, malo ogona: apa mpofunika kudekha

Ife tinazolowera Nyanja ya Malawi, yomwe ukaisiya pano m'mawa umaipeza pomwepo madzulo. Nyanja yamchere sitero. Madzi ake amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pakati pake pamadutsa maola asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwanso kwambiri.

Kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje, Jambiani, Kiwengwa ndi Matemwe, gombe ndi lathyathyathya, ndiye madzi akaphwa amathawira kutali zedi, mwina kilomita yathunthu. Munthu amene walipira chipinda poona chithunzi cha madzi obiriwira amatha kudzuka n'kupeza mchenga wonyowa ndi ndere zokhazokha. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, gombe ndi lozama msanga ndipo madzi sapita patali, kusambira kumatheka tsiku lonse. Koma kumeneko n'kodzaza alendo, nyimbo zimalira mpaka usiku, ndipo mitengo ndi yokwera.

Ine ndimalangiza chonchi. Ngati ana anu ndi ang'onoang'ono, osadziwa kusambira, pitani kum'mawa. Madzi akaphwa amasiya timadziwe tofika m'mawondo, tofunda, momwe mwana amakhala pansi n'kumasewera kholo likupuma. Ngati ndi achinyamata osakhazikika, ofuna kudumphira m'madzi nthawi iliyonse, Nungwi kapena Kendwa awakwanira. Kulikonse kumene mwasankha, funsani ngati bedi lililonse lili ndi neti, ngati pali dziwe losambirira losazama, komanso ngati angakuloleni kutenthetsa phala la mwana kukhitchini. Usiku umodzi kapena uwiri womaliza muusungire Stone Town, tauni yakale ya pachilumbachi, kuti mukhale pafupi ndi doko.

Mukangofika, pemphani ndandanda ya nthawi za madzi ya sabata imeneyo. Malo ambiri ogona amailemba pabolodi. Ndandanda imeneyi ndiyo idzakuuzani tsiku loyenera boti ndi tsiku loyenera kunkhalango: tsiku limene madzi aphwa m'mawa wonse, ana osambira alibe chochita pagombe, ndiye nyamukani kumtunda.

Chachinayi, tsiku loyamba musapite kulikonse

Lisiyireni gombe. Madzi akayamba kuphwa, valitsani ana nsapato zapulasitiki zomanga bwino, osati masilipasi, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono kutsata madziwo. M'miyala muli tizilombo takuda taminga italiitali, ndipo munga wake ukalowa kuphazi umathyokera momwemo, mwana osapondanso pansi masiku angapo. Nsapatozo n'chifukwa chake.

Ku Paje ndi Jambiani mudzapeza amayi atakhala m'madzi ofika m'chiuno, zitenje zili chinyowere, akumangirira ndere ku zingwe zokokedwa pakati pa zikhomo. Umenewo ndi munda. Ndereyo, yomwe iwo amaitcha mwani, inayamba kulimidwa kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo akaiyanika amaigulitsa kunja kapena kupangira sopo. Auzeni ana asaponde zingwe ndipo asazule chikhomo. Musajambule amayiwo musanawapemphe. Mwana wodziwa kupereka moni amalandiridwa bwino: kwa wamkulu amati "Shikamoo", wamkuluyo n'kuyankha "Marahaba".

Chenjezo lalikulu ndi ili. Madzi akamabwerera sabwera ndi phokoso. Amayamba kudzaza tinjira tozama ta pakati pa inu ndi gombe, inu muli kutali mukuona nkhanu. Dziwani ola limene ayambe kudzaza, ndipo mutembenuke nthawi isanakwane. Nyenyezi za m'nyanja, tizilombo tofiira tamanja asanu timene ana amakonda kunyamula, zisiyeni m'madzi momwemo, zikakhala kunja zimafa.

Za dzuwa musanyengedwe n'kuti khungu lathu ndi lakuda. Mchenga wa kumeneko ndi woyera mbee ndipo umabweza kuwala, mapewa ndi mphuno za mwana zimasupuka ndithu. Chipewa, malaya opepuka osambira nawo, ndi mafuta oteteza ku dzuwa zikhale pafupi. Mwana wachialubino asatuluke padzuwa pakati pa 10 koloko ndi 4 koloko, ndipo avale zamanja aatali ngakhale m'madzi.

Chachisanu, nkhalango ya Jozani

Uwu ndiwo ulendo umene ndingauike patsogolo pa onse kwa ana a msinkhu uliwonse. Jozani ili pamsewu wochoka m'tauni kupita ku Paje, makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku Stone Town, ndipo inakhala paki ya dziko (national park) mu 2004. Fikani atangotsegula, kusanatenthe ndiponso mabasi a alendo asanachuluke. Pachipata mumalipira n'kupatsidwa wokuperekezani.

Muli apusi ofiira kumsana, a ubweya woyera woimirira pamphumi, omwe kwawo kwenikweni ndi pachilumba chokhachi. Anazolowera anthu, moti amadya masamba panthambi yomwe ili pamwamba pa mutu wanu, tiana tawo titakakamira pamimba. Mwana wanu adzafuna kugwira mchira umene ukulendewerawo. Mugwireni dzanja. Lamulo n'lakuti mukhale mamita atatu kutali, osawadyetsa, ndipo amene ali ndi chimfine asayandikire chifukwa matenda athu amawagwira. Funsani wokuperekezaniyo afotokozere ana chifukwa chimene apusiwa amadyera makala. Masamba ena amene amadya ali ndi ululu, ndipo makalawo amawathandiza m'mimba. Kwa ana a sekondale pali chinanso: dzina la sayansi la apusiwa linachokera kwa John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire mu 1859, yemwenso mapiri a Kirk Range a kwathu kuno anatengera dzina lake. Pambuyo pake anakakhala kazembe wa Britain ku Zanzibar.

Tsidya lina la msewu kuli kanjira kamatabwa kodutsa m'mitengo yomera m'madzi amchere, mizu yake ili pamtunda. Madzi akaphwa, m'matopemo mumadzaza tinkhanu tadzanja limodzi lalikulu. Kanjirako n'kafupi, ngakhale agogo amakatha. Pafupi, m'mudzi wa Pete, pali malo oweta agulugufe. Mukaona kuti ana akadali ndi mphamvu dutsanipo, apo ayi bwererani mukadye nkhomaliro.

Chachisanu ndi chimodzi, minda ya zokometsera zakudya

Minda imeneyi ili cha ku Kizimbani ndi Kidichi, kufupi ndi tauni. Chilumbachi chinalemera ndi karafuu, zokometsera zomwe pa Chingerezi amati cloves, m'zaka za m'ma 1800, mu ulamuliro wa Seyyid Said wa ku Oman, ndipo ogwira ntchito m'mindamo anali akapolo. Lero mumayenda pamthunzi, mnyamata akuthyola tsamba, kulifikisa m'manja n'kukununkhizani kuti mulote. Amasenda khungwa la sinamoni ndi kampeni, amakumba jinja, amaswa chipatso chofiira chomwe njere zake atsikana amapaka pamilomo. Wina amakwera mtengo wa kokonati atamanga chingwe kumapazi, akuimba. Ana amachokako atavala zisoti ndi mawotchi oluka ndi masamba. Maola awiri ndi okwanira. Konzekeranitu ndalama zing'onozing'ono za mashilingi, poti wokwera mumtengo ndi woluka zisoti aliyense amayembekezera kangachepe, ndipo n'zowayenera.

Chachisanu ndi chiwiri, tsiku la boti

Ulendo wapamadzi woyenera ana aang'ono ndi wa ku Changuu, kachilumba komwe alendo amakadziwa kuti Prison Island. Boti limatenga pafupifupi theka la ola kuchoka ku Stone Town. Ndende ya kumeneko inamangidwa mu 1893 koma akaidi sanakhalemo, inasanduka malo osungirako odwala matenda opatsirana ochokera m'sitima. Chokopa ana ndi afulu akuluakulu, omwe anayamba ndi anayi ochokera ku Seychelles mu 1919. Ena apitirira zaka 100, ndipo chigoba chake n'chachikulu moti mwana amaganiza kuti ndi mwala mpaka utatulutsa mutu. Kukhalira fulu n'koletsedwa. Zala za mwana zikhale kutali ndi kukamwa kwake.

Pa nkhani ya boti sindinyengerera. Musanalipire, pemphani kuona majekete oyandamitsa, ndipo muone ngati pali a msinkhu wa ana anu. Jekete ya munthu wamkulu imavuka mwana akangogwera m'madzi. Akakuuzani kuti majekete ali m'boti muwaona kutsogolo, yankhani kuti mulipira mukawaona. Werengani anthu amene akukwera, ndipo mukaona kuti boti ladzaza, tsikani. Anthu a ku Zanzibar sanaiwale sitima ya Spice Islander yomwe inamira mu Seputembala 2011 itanyamula mopyola muyeso. Pakati pa Juni ndi Seputembala mphepo ya kummwera imalimba masana, choncho pitani m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Mtengo mugwirizaniretu wonse, wopita ndi wobwerera, ndipo mufunse ngati ndalama yolowera pachilumbapo ili momwemo. Safunsa anadya phula.

Ku Nungwi kuli dziwe lachilengedwe la Mnarani, pafupi ndi nsanja younikira sitima, komwe anthu a m'mudzimo amasamalira akamba a m'nyanja okodwa m'maukonde. Pagombe lomwelo amisiri amakhoma zombo zamatabwa ndi kasemasema ndi chiboolero chokoka ndi chingwe. Mwana wokonda zopangapanga akhoza kuima pamenepo ola lathunthu, ndipo simulipira kanthu kupatula moni.

Maulendo ena ndi oti muwasiye ana akule. Wa ku Kizimkazi wokaona ma dolphin umayamba mbandakucha, maboti ambiri amathamangitsana kutsata nyamazo, ndipo anthu amadumphira m'madzi ozama. Wa tsiku lonse wochokera ku Fumba ndi wokoma kwa achinyamata odziwa kusambira, koma kwa mwana wa zaka zitatu ndi maola ambiri padzuwa popanda pothawira.

Chachisanu ndi chitatu, Stone Town

Tauni yakaleyi, yomwe bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2000, iyendeni kawiri: m'mawa kwambiri ndi chakumadzulo. Tinjira take n'topapatiza, galimoto sizilowa, koma njinga zamoto zimatulukira pakona mosayembekezereka, ndiye wamng'ono akhale kumsana kapena m'manja. Kangolo koyendetsera mwana kamavuta pamenepa. Apatseni ana ntchito yowerenga zitseko zosemedwa zokhala ndi minga yamkuwa, muona kuti ayenda mtunda wautali osadandaula.

Pali malo amodzi amene banja lochokera kwathu siliyenera kuwalambalala: tchalitchi cha Anglican cha ku Mkunazini. Chinamangidwa pomwe panali msika wa akapolo, womwe unatsekedwa mu 1873, ndipo ntchito yomanga inayamba chaka chomwecho motsogozedwa ndi mmishonale Edward Steere. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera m'mbali mwa nyanja yathu. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa m'zombo, kenako ankayenda pansi miyezi mpaka ku Kilwa, n'kukwezedwanso kupita ku Zanzibar. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, pomwe anakwirira mtima wa Livingstone. Mishoni ya UMCA yomwe inamanga tchalitchichi ndi yomwe ija inayamba ku Magomero mu 1861 ndipo kenako inakakhazikika ku Likoma.

Panja pali dzenje momwe muli ziboliboli za anthu asanu omangidwa unyolo m'khosi. Pansi pa nyumba yoyandikana nayo pali tizipinda tiwiri tamdima, denga lake lotsika moti wamkulu amawerama. Ana a zaka khumi kupita m'tsogolo alowe, koma muwauziretu usiku wake zimene akaone, m'mawu anuanu, ndipo mukatuluka muwapatse mpata wofunsa. Aang'ono atsale panja ndi kholo limodzi. Musaike ulendo wina mukangotuluka pamenepa. Khalani penapake pamthunzi, mumwe madzi.

Dzuwa likamalowa pitani ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja moyang'anizana ndi linga lakale. Anyamata a m'tauni amathamanga n'kudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma, akutembenuzika m'malere, anthu akukuwa. Anu aonerere chabe, poti eni akewo amadziwa pomwe pali miyala. Kukada amayatsa nyali n'kuyala matebulo a zakudya. Gulani chimene chikuphikidwa inu mukuona, monga chapati chopindira nyama ndi dzira chomwe amachitcha Zanzibar pizza, kapena madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo. Nsomba ndi nkhanu zoyalidwa patebulo kuyambira madzulo n'kumangotenthetsedwa musapatse ana. Mtengo funsani musanalume.

Zotsala zing'onozing'ono

M'tauni ndi m'midzi valani zobisa mapewa ndi mawondo, abambo ndi amayi omwe. Zosambira ndi za pagombe basi, ndipo chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse. Madzi akumwa akhale a m'botolo lomata. Wali, nyemba, nsomba ndi ugali, womwe ndi nsima yolimbirapo, zimapezeka paliponse, choncho mwana wosankha zakudya sagona ndi njala. M'kachikwama ka mankhwala musasowe Thanzi ORS, mankhwala oziziritsa thupi a ana, ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Malungo anachepa pachilumbapo koma sanathe. Makina otapira ndalama ndi ochepa kunja kwa tauni, ndiye tapiranitu mashilingi okwanira. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa ku Tanzania, ndipo zigoba zikuluzikulu za nkhono zimene amagulitsa pagombe musagule, atha kukulandani potuluka.

Tsiku lobwerera musakwere sitima yomaliza ngati mawa lake muli ndi basi kapena ndege ku Dar es Salaam. Gulani tikiti dzulo lake, fikani padoko ola limodzi nthawi isanakwane, ndipo mapasipoti onse akhale ndi munthu mmodzi, m'kachikwama kosalowa madzi.